Boma likhale ndi kampani yakeyake yonyamula katundu, ndipo iyambire pa njanji ya ku Luchenza

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani ya kayendedwe ka katundu m'dziko muno, monga mlimi wa tiyi wa munda waung'ono kuno ku Thyolo. Maganizo anga ndi akuti dziko lopanda doko la kunyanja yamchere ngati lathuli siliyenera kusiya ntchito yonse yamtengatenga m'manja mwa amalonda okha. Boma liyenera kukhala ndi kampani yakeyake yoona za katundu woyenda pa njanji, pa nyanja ndi m'madoko a maiko oyandikana nafe, ndipo ntchito yake yoyamba ikhale kutsegulanso njira ya kumwera yopita ku Beira.

Achinyamata ambiri amene amadutsa pa siteshoni ya Luchenza masiku ano sadziwa kuti njanji imene amaidumphayo ndiyo idali msana wa chuma cha dziko lino. Njanji yochokera ku Nsanje, komwe kale kunkatchedwa Port Herald, idafika ku Blantyre mu 1908 podzera ku Chiromo ndi ku Luchenza, ndipo mlatho wa Dona Ana pa mtsinje wa Zambezi utatsegulidwa mu 1935, tiyi wa ku Mulanje ndi ku Thyolo ankalongedwa m'mabogi kuno n'kukafika ku Beira osamutsitsanso panjira. Titalandira ufulu, kampani ya boma ya Malawi Railways ndiyo inkayendetsa sitima zapamtunda pamodzi ndi zapanyanja, kuphatikizapo Ilala imene idayamba ntchito mu 1951, moti katundu wochokera ku Beira ankatha kutsika pa Chipoka n'kukwera sitima yapamadzi mpaka ku Nkhata Bay kapena ku Chilumba ali m'manja mwa kampani imodzi. Mu 1970 kudabwera njanji ya Nkaya kupita ku Nayuchi, imene idatipatsa khomo lachiwiri la ku Nacala.

Zimene zidagwetsa dongosolo limeneli n'zodziwika. Nkhondo yapachiweniweni ya ku Mozambique idatseka njira zonse ziwiri m'zaka za m'ma 1980, ndipo katundu wathu adayamba kuzungulira pa mathiraki mpaka ku Durban ndi ku Dar es Salaam. Nkhondo idatha mu 1992, koma chizolowezi cha mathiraki chidatsala. Mu 1997 madzi adakokolola njanji ku Chiromo, ndipo mu 1999 boma lidapereka njanji zathu kwa kampani ya Central East African Railways kuti iziziyendetsa. Sitima zapanyanja nazonso zidaperekedwa kwa amalonda, ndipo mu 2010 zidapita kwa Malawi Shipping Company ya a Mota-Engil. Madzi osefukira a mu 2015 ndi namondwe wa Freddy mu 2023 adangoonjezera mabala pa njira ya kumwera imene idali yoduka kale.

Sindikudzudzula amalonda chifukwa chofuna phindu, pakuti ndiyo ntchito yawo. Koma taonani kumene ndalama zikuluzikulu zidapita. Kampani ya migodi ya Vale itafuna kutulutsa malasha a ku Moatize ku Mozambique, idamanga njanji yatsopano yodutsa ku Chikwawa, Mwanza ndi Neno mpaka ku Nkaya m'zaka zochepa chabe, chifukwa malasha ndi katundu wochuluka, wa mwini mmodzi, woyenda tsiku ndi tsiku. Tiyi, nandolo, makademiya ndi nthochi zathu n'za eni ambirimbiri, zimabwera mwa nyengo, ndipo wamalonda akawerengetsa ndalama zomangira mlatho wolimba pa Ruo kapena pa Shire amaona kuti sadzazibweza msanga. Ndiye chifukwa chake padutsa zaka zoposa 25 sitima isanachoke ku Limbe n'kukafika ku Marka, pamalire athu ndi Mozambique ku Nsanje. Ntchito yotere, imene phindu lake limaoneka pa mtengo wa feteleza ndi wa mafuta osati m'mabuku a kampani, ndi ya boma basi.

Ena adzati mlimi wamng'ono ngati ine nkhani ya madoko ikundikhudza bwanji, popeza masamba anga ndimangokagulitsa ku fakitale ya pa esiteti. Ikundikhudza kwambiri. Wogula tiyi pa okushoni ya ku Limbe amayamba wachotsera ndalama za thiraki, za pachipata, za nthawi imene kontena idzakhale padoko, kenaka ndiye amatchula mtengo wake. Fakitale nayo imachotsera zake, ndipo chotsala ndicho chimasanduka mtengo wa kilogalamu ya masamba aawisi amene timathyola mbandakucha. Pobwera ndi chimodzimodzi: thumba la feteleza limafika kuno litasenza mtengo wa ulendo wonse. Tsono mlimi amalipira ulendo kawiri, potumiza ndi polandira, ndipo gawo lalikulu la ndalamazo limatuluka ngati ndalama zakunja, zomwe tikuzisowa kale, kupita kwa eni mathiraki ndi eni sitima a maiko ena.

Maganizo amenewa si achilendo mu Africa muno. Dziko la Ethiopia lidataya gombe lake mu 1993 pamene Eritrea idaima payokha, koma lidasungabe kampani ya boma ya sitima zapanyanja, imene lero imayang'anira katundu wa dzikolo kuchokera padoko la Djibouti mpaka ku doko lapamtunda la Modjo. Anansi athu a ku Mozambique nawo sadataye kampani yawo ya boma ya njanji ndi madoko ya CFM, ndipo ndi imene idakonza njanji yochokera ku Mutarara kufika pamalire athu ku Vila Nova da Fronteira. Ife sitikusowa kugula sitima zazikulu zoyenda pa nyanja yamchere. Chimene tikusowa ndi bungwe limodzi lokhala ndi mainjini ndi mabogi akeake, nyumba zosungiramo katundu ku Beira ndi ku Nacala, ndi mphamvu yosonkhanitsa katundu wa alimi ang'onoang'ono kuti pokambirana mtengo ndi eni sitima tiziyankhula ndi mawu amodzi.

Ndikudziwa kuti mawu akuti kampani ya boma amawawa m'makutu mwa Amalawi ambiri, ndipo ali ndi zifukwa zomveka. Air Malawi idathetsedwa itamira m'ngongole, mabasi a Shire Bus Lines adazimirira, ndipo ADMARC idafika potsekedwa kaye mu 2022. Doko la ku Nsanje lidatsegulidwa ndi mwambo waukulu mu 2010, koma mpaka lero silinagwire ntchito, chifukwa tidamanga konkire tisanamvane ndi a ku Mozambique amene mtsinje wa Zambezi umadutsa kwawo. Mwa zonsezi palibe chimene chidagwa chifukwa choti ntchitoyo idali yosafunika. Zidagwa chifukwa chosankha mabwana potsata chipani, maunduna osalipira ngongole zawo, ndi kukonda miyambo yodula riboni kuposa kukonza zowonongeka. Kampani imene ndikuinenayi ikhazikitsidwe ndi lamulo la ku Nyumba ya Malamulo, akuluakulu ake asankhidwe poyera potsata luso, mabuku ake aziunikidwa chaka chilichonse, ndipo mu bodi yake mukhale oimira alimi ndi ogulitsa katundu kunja, amene ndalama zawo zimapsa katundu akachedwa. Amalonda asachotsedwe pa njanji; apikisane nayo.

Pempho langa kwa aphungu a ku Thyolo, Mulanje ndi Nsanje n'lakuti afunse Unduna wa Zamtengatenga mafunso awa m'Nyumba ya Malamulo. Ntchito yokonza njanji ya Marka kufika ku Bangula ikadzatha, ndani adzalumikize Bangula ndi Makhanga, Sandama ndi Luchenza, nanga ndalama zake zili mu bajeti iti? Ndipo njirayo ikadzatseguka, kodi mabungwe a alimi ang'onoang'ono adzapeza bogi pa Luchenza pa mtengo wolengezedwa poyera, kapena adzadikira kuti eni katundu wamkulu athane kaye?

Mlimi wa tiyi,
Luchenza, Thyolo