Kwa a Nduna a Zaumisiri ndi Sayansi: anthu akufomatitsa makompyuta omwe akanachira

Olemekezeka a Nduna,

Ndine wokonza makompyuta m'kashopu kakang'ono pafupi ndi msika wa Town Centre muno mu Lusaka. Ndakulemberani chifukwa cha vuto limene lachuluka pa tebulo langa chiyambire pa 14 Okutobala 2025, tsiku limene Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10. Anthu akuthamangira kukweza makompyuta awo kuti alowe Windows 11, ntchito ikuwafera pakati, ndipo ambiri akamafika kwa ine amakhala atataya kale mafayilo amene akanapulumuka. ZICTA, bungwe loyang'anira za mafoni ndi intaneti, ndi TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, zili pansi pa unduna wanu, n'chifukwa chake ndagogoda pakhomo panu.

Malaputopu ambiri amene anthu ali nawo ku Matero, Chawama, Kanyama ndi Mtendere ndi aja timati ex-UK, ogwiritsidwa kale ntchito m'maofesi akunja. Ndi olimba ndithu, koma ochuluka ali ndi purosesa ya Intel ya m'badwo wa 4 kapena wa 6. Windows 11 imafuna ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo, RAM ya 4GB, malo a 64GB pa diski, ndi zida ziwiri za chitetezo zotchedwa Secure Boot ndi TPM 2.0. Wogula sauzidwa zimenezi. Ena amakakamiza ndi fulashi yokonzedwa ndi pulogalamu ya Rufus yomwe imadumpha zofunikazo, kompyuta n'kuyaka bwinobwino, koma Microsoft inanena poyera kuti yotereyo silonjezedwa kulandira zosintha. Pali kompyuta zina zomwe zimakanidwa chabe chifukwa TPM inazimitsidwa mu BIOS, sikirini ya masetingi yomwe imatsegulidwa Windows isanayake, ndipo kuiyatsa ndi ntchito ya mphindi zochepa kwa woidziwa.

Ndiye pali malaiti. Tonse tikukumbukira chilala cha 2024, madzi atatsika ku Kariba, makomboni n'kumakhala mu mdima pafupifupi tsiku lonse. Kukweza Windows kumatha kudya ola kapena kupitirira, ndipo batire la laputopu ya ex-UK nthawi zambiri linafa kalekale, imangodalira chaja. Sikirini ikulemba kuti musazimitse kompyuta, manambala akukwera, malaiti n'kupita. Malaiti akabwera, mwini wake amangoona timadontho tikuzungulira osatha, kapena sikirini yabuluu. Ena bandulo imawathera fayilo isanamalize kutsika, ena diski yadzaza, ena ndi dalaivala wakale wa pulinta kapena wa Wi-Fi, vuto lomwe limadzionetsa ndi nambala yoyamba ndi 0xC1900101.

Chimene chimandipweteka ndi chotsatira chake. Munthu amanyamula laputopu kupita pa kantemba kapafupi, mnyamata wa pamenepo amaiyatsa, n'kunena mawu amodzi okha: “Tifomate.” Madzulo kompyuta ikuyaka, yoyera, yothamanga, yopanda kanthu. Amayi ena amene amatayipira anthu ma CV ndi makalata ofunsira ntchito ku Matero anabwera kwa ine atafomatiridwa chotero. Anakhala pa benchi, thumba la chaja lili pa miyendo, akunditchulira mafoda awo limodzi limodzi, la makasitomala, la kwaya ya ku tchalitchi, la zithunzi za maliro a amuna awo. Windows yatsopano inali italembedwa kale pamwamba pake, ndipo diski inali SSD, yomwe ikafufuta imafufutiratu. Zochepa zokha ndi zomwe zinabwerako. Kufomata kompyuta yotere kuli ngati kugwetsa nyumba chifukwa kiyi watsekeredwa m'kati. Anyamatawo sindikuwanena, a Nduna. Anaphunzira poyang'ana anzawo, ndipo palibe amene anawaonetsa njira ina.

Njirayo ilipo, ndipo si yovuta. Kompyuta ikalephera kuyaka kawiri kapena katatu motsatizana, Windows imatsegula yokha sikirini yokonzera. Ngati siitsegula, mumaizimitsa pogwira batani chizindikiro cha Windows chikangooneka, n'kubwereza mpaka itatsegula. M'menemo muli Startup Repair, muli ndi Uninstall Updates, pomwe mungachotse chosintha chachikulu chomalizacho. Pokweza, Windows imasunga yakale m'foda ya Windows.old, ndipo kwa masiku 10 munthu angathe kubwerera pomwe anali, mapulogalamu ndi mafayilo ali momwemo. Masiku 10 amenewa ndi omwe anthu ambiri amawataya laputopu ili m'kabati akudikira malipiro a kumapeto kwa mwezi, kapena itayaka mwatheka iwo akupirira nayo. Zonsezi zikakana, wokonza wodziwa ntchito amayatsa kompyuta ndi fulashi ya Ubuntu, pulogalamu yoyendetsa kompyuta ngati Windows, osaiika pa diski, n'kukopera mafayilo onse pa diski ina, kenako ndiye angaganize zofomata. Asanayesenso kukweza amachotsa pulinta ndi china chilichonse cholumikizidwa, amapeza malo pa diski, ndipo amagwirira ntchitoyo pamalo pomwe pali inveta kapena sola.

Palinso BitLocker, pulogalamu ya mu Windows yokhoma diski. Malaputopu ena diski yake ndi yokhomedwa mwini wake osadziwa, ndipo kukweza kukasokonekera imafuna kiyi wa manambala 48. Kiyiyo nthawi zambiri amakhala mu akaunti ya Microsoft imene inalowetsedwa m'kompyutamo. Kuno akauntiyo amatsegula ndi wogulitsa kapena mphwake wa munthu, pasiwedi n'kuiwalika. Popanda kiyi ngakhale ine ndilibe chochita. Munthu atauzidwa kuti alembe manambala amenewo papepala asanayambe kukweza, misozi yambiri sikanagwa.

Pempho langa loyamba ndi lakuti zimenezi zinenedwe m'zilankhulo zathu. ZNBC Radio 1 imaulutsa m'zilankhulo zisanu ndi ziwiri, Chinyanja chili momwemo. ZICTA imachenjeza kale anthu za mbava za pa foni, ingathenso kuwauza kuti akopere mafayilo asanakweze, ayese kaye kompyuta ndi PC Health Check, pulogalamu ya Microsoft yoona ngati ingalowe Windows 11, asayambe batire lili lakufa, ndipo asalole kufomatiridwa mafayilo asanachotsedwe. Uthenga wa pa intaneti wa m'Chingerezi sufika kwa amayi aku Matero aja.

Lachiwiri ndi la TEVETA. Anyamata ndi atsikana omwe akukonza kale mafoni ndi makompyuta ku Katondo Street, City Market ndi Kamwala sangasiye kantemba kwa chaka kuti akakhale m'kalasi. Maphunziro aafupi, a madzulo kapena a Loweruka, okhudza kupulumutsa mafayilo, BIOS ndi BitLocker, okhala ndi setifiketi yoti apachike pakhoma, angasinthe zomwe kasitomala amakumana nazo. Ife amene takhalitsa pa ntchitoyi tingathandize kuphunzitsa.

Koma chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi makompyuta omwe sadzalowa Windows 11 ngakhale tichite bwanji, ndipo m'masukulu ndi m'maofesi ang'onoang'ono ali ambiri. Microsoft inapereka mwayi wowonjezera zosintha za chitetezo za Windows 10 kwa anthu wamba mpaka pa 13 Okutobala 2026, koma munthu amayenera kulembetsa, ndipo ambiri sanamvepo. Tsikulo likadutsa, munthu amene amalowa ku banki kapena ku ZamPortal, tsamba la pa intaneti la ntchito za boma, pa kompyuta yotere adzakhala pambalambanda. Makompyutawa sakuyenera kutayidwa ku dzala la zinyalala la Chunga. Linux Mint ndi Ubuntu, mitundu ya Linux yomwe imalowa m'malo mwa Windows, n'zaulere, zimayenda bwino pa makina a zaka khumi, ndipo pulogalamu ya LibreOffice imatsegula mafayilo a Word ndi Excel. Ndikupempha unduna wanu, pamodzi ndi wa Zamaphunziro, ulembere masukulu malangizo omveka a choti achite ndi makompyuta akale, ndipo aphunzitsi a kompyuta aphunzitsidwe kuika Linux tsiku la 13 Okutobala 2026 lisanafike.

Ine wanu,
Wokonza makompyuta, Lusaka