Ndinasainira mlongo wanga ngongole, lero banki ikufuna nyumba yanga

Zikomo aphungu,

Ndine mayi wa zaka 54, mphunzitsi wa pulayimale kuno ku Blantyre. Amuna anga anatisiya mu 2015, ndipo ndalama zomwe kuntchito kwawo anatipatsa ndi zomwe ndinamalizira nyumba ya zipinda zitatu ku Machinjiri. Ndimakhalamo ndi ana anga awiri ndi mdzukulu. Sabata yatha kunabwera munthu ndi samani ya ku Khoti Lalikulu, nthambi yoona za malonda, ndipo pa samanipo pali maina awiri: la mlongo wanga ndi langa. Chilandirireni pepalalo, tulo sindikutiona.

Nkhani inayamba mu 2022. Mlongo wangayo, yemwe ndi wondipondera, anali ndi shopu ya zipangizo zomangira ku Limbe. Ankapikula penti, maloko ndi mapaipi ku Johannesburg. Anafuna kukulitsa bizinesi ndipo banki ina inavomera kumubwereka K12 miliyoni, koma inafuna chikole. Iye alibe nyumba ya mapepala, amachita lendi. Anabwera kwathu madzulo ena ndi mayi athu, nandipempha kuti ndipereke mapepala a nyumba yanga. Anati ndi mwambo chabe, pakatha zaka zitatu mapepalawo adzabwerera m'sutikesi momwe ndinawatenga.

Ndisakunamizeni, palibe anandigwira dzanja. Ndinapita ndekha kubanki, ndinasaina ndekha. Mapepala anali ambiri, a Chingerezi cha maloya, ndipo ngakhale ndine mphunzitsi sindinawerenge onse. Ndinkaona ngati ndikungochitira umboni kuti munthuyu ndimamudziwa. Komanso ndikanakana bwanji? Pamaliro a amuna anga ndi iyeyo anathamangathamanga, anagula bokosi, ndipo mwana wanga woyamba anamulipirira fizi ya Fomu 3 ndi Fomu 4. Kwathu iye ndiye mwini mbumba, malume a ana anga.

Chaka choyamba ankabweza bwinobwino. Kenako ndalama zakunja zinayamba kusowa, katundu osabwera. Mu Novembala 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti, ndalama yomwe kale inkadzaza galimoto sinkakwananso theka la katunduyo. Chiwongola dzanja nacho chinakwera, poti ngongoleyo inali yotsatira mlingo womwe umasinthasintha. Zimenezi ndazidziwa tsopano. Nthawi imeneyo ndikamufunsa ankangoti, “Achemwali musadandaule, zonse zili m'chimake.” Chonsecho anali atasiya kubweza kuyambira kumayambiriro kwa 2024, ndipo anali atalowa kale katapila kuti atsekere maenje ena. Shopu anatseka mwakachetechete, n'kupita ku Johannesburg komweko ati kukasaka maganyu.

Kalata yoyamba ya maloya a banki itandipeza ndinamutumizira pa WhatsApp. Anayankha kuti atumiza ndalama mwezi ukatha. Anatumizadi kamodzi K300,000, basi. Lero foni yanga sayankha, koma mayi athu amawaimbira Lamulungu lililonse.

Pa samani alemba kuti ngongole yafika K19 miliyoni, kuphatikiza chiwongola dzanja, chindapusa cha kuchedwa ndi ndalama za maloya awo, ndipo ikukwerabe tsiku ndi tsiku. Akuti ndiyankhe pasanathe masiku 14. Malipiro anga a pamwezi, ngakhale nditapereka onse osagula ufa, sangakwanire ndi chiwongola dzanja chokha. Ndinapita kubankiko kukadandaula. Amene anandilandira anandiyankhula mwaulemu ndithu, koma anati nkhani ili m'manja mwa maloya, ndipo poti ndinasaina, banki ili ndi ufulu wofuna ndalama yonse kwa ine osayamba yasaka mwini ngongole. Apa m'pamene mutu wanga waima. Kodi n'zoona zimenezi, aphungu? Munthu amene sanagwireko ngakhale tambala angakhale woyamba kulandidwa, wodya ndalamayo ali moyo ndipo komwe ali kukudziwika?

Sindikunena kuti banki isatenge ndalama zake. Ndi ndalama za anthu ena amene anasungitsa, ine ndemwe malipiro anga amadzera kubanki. Ngongole ndi yobweza. Chomwe chikundiwawa n'choti nyumba ikapita ku okishoni imagulidwa motchipa, ndipo ndamva kuti ndalamayo ikapanda kukwana, yotsalayo adzandilondolabe. Ndinaonapo anzathu ena m'dera lathu lomweli masherifu atawatulutsira katundu panja, mipando ndi mapoto zili pa msewu, ana akuonerera. Ndikaganiza kuti ana a sukulu omwe ndimawaphunzitsa adzandiona choncho, mtima umandithawa.

Anthu akundiuza zosiyanasiyana. Mnzanga wa kumpingo akuti ndingokhala chete, milandu ya kukhoti imatenga zaka. Wina akuti kukhala chete ndiye kudzipha, chifukwa khoti limagamula osandimva ndikapanda kuyankha. Mphunzitsi mnzanga akuti ndipite ku Legal Aid Bureau poti loya wolipira sindingamukwanitse, ndiponso kuti ku Reserve Bank kuli ofesi yomva madandaulo a makasitomala a mabanki. Kodi ofesi imeneyo ingalowererepo nkhani ili kale kukhoti? Nanga khoti lingandilole kupempha kuti ndizibweza pang'onopang'ono, kapena kuti andichotsereko chindapusa? Ndaganizaponso zogulitsa ndekha nyumbayo pa mtengo wabwino, ndibweze ngongole, yotsalayo ndigule kapuloti kunja kwa tauni. Koma mapepala ali kubanki, ndiye ndingayambire pati? Ndikuopanso kuti dzina langa lipita ku mabungwe osunga mbiri ya ngongole, moti ngakhale ku SACCO yathu ya aphunzitsi sadzandibwerekanso.

Palinso china chomwe sindingathe kufunsa loya, n'chifukwa chake ndabwera kwa inu. Mwana wanga woyamba akuti ifenso timusumire malume akewo kuti adzandibwezere chilichonse chomwe banki itenge kwa ine. Kumudzi mlongo wangayo ali ndi ng'ombe zinayi ndi chigayo chomwe akuyang'anira mkazi wake. Nditangotchula zoti agulitse zimenezo, mayi athu analira tsiku lonse. Anati chibale ndi fupa sichiola, ndipo mwana wa m'mimba imodzi sapita naye kukhoti. Ali ndi zaka 79 ndipo amadwala BP. Sindikufuna kuti mawa abale adzati ndine ndinawapha. Koma ana anganso ndi magazi awo omwewo, ndipo bambo wawo anawasiyira denga limeneli lokha. Pamene mlongo wangayo ankabwera kudzapempha mapepala, mayi anali pomwepo. Lero palibe wa kubanja amene wabwera kudzafunsa kuti tikagona kuti.

Mlongo wanga ndimamukondabe, ndipo sindikhulupirira kuti anachita dala. Ndikuona kuti manyazi ndi amene amutsekera pakamwa. Koma masiku 14 aja atsala 6. Ndiyambe ndi chiyani, aphungu: loya, banki, kapena ndiitanitse akuluakulu a kubanja tikhale pansi mayi athu ali pomwepo?

Ine mayi wothedwa nzeru,
Machinjiri, Blantyre