Firiji yakoyo isiye konko mnzanga

Mnzanga,

Uthenga wako ndauona ndipo mtima wanga wadzadza kumva kuti mapepala a ntchito ya unesi atuluka, bwera basi kuno ku England, Manchester ikukudikira. Koma zoti ulongeze firiji, makina ochapira ndi dryer youmitsira zovala mu kontena kuchoka ku Indiana ku America, ayi chonde usatero, ndalama imeneyo isunge udzalipirire depoziti ya nyumba.

Magetsi ake ndi osiyana. Kumeneko m'masoketi mumatuluka 120 volts, kuno ndi 230 ngati kwathu, pulagi yakenso ndi yomwe ija ya mano atatu timagwiritsa ntchito ku Blantyre. Blenda yako ukangoilowetsa ndi ka adaputa wamba ipsa pompo. Chaja ya foni ndi ya laputopu bwera nazo, ukayang'ana kumbuyo palembedwa 100-240V, zimenezo zimagwira kulikonse. Ketulo ndiye udzaikonda, za kuno ndi 3,000 watts pomwe zakumeneko zambiri zimathera pa 1,500, madzi amawira usanamalize kutsuka kapu.

Nanga chifiriji cha zitseko ziwiri chotulutsa ayezi chija udzachiyika pati? Nyumba zambiri kuno ndi zakale, zina za nthawi ya Queen Victoria, zogundana khoma ndi khoma, makomo ake opapatiza. Nyumba zatsopano ku America zimapitirira 200 square metres, kuno nyumba wamba sifika ndi 100 yomwe. Makina anga ochapira ali kukhitchini pansi pa kauntala pafupi ndi sinki, ndikamaphika nsima iwo akuzungulira pambali pa mwendo wangawu. Firiji imandilekeza m'chiuno koma imakwanira, shopu ndimapita wapansi ndiye ndimagula zochepa zochepa, ndipo mazira kuno sakhala mufiriji m'mashopu chifukwa satsukidwa, pomwe kwanuko amawatsuka nchifukwa chake amafunika pozizira.

Chimene ndikufuna umvetsetse kwambiri ndi nkhani ya zochapa, chifukwa ndi imene imaliza anthu ochokera ku America. Kumeneko wazolowera kuponya mu dryer ola limodzi zauma, mpaka madera ena ma HOA, mabungwe a eni nyumba, amaletsa chingwe choyanikira panja. Kuno magetsi ndi odula, ndipo chiyambireni nkhondo ya Russia ndi Ukraine mu 2022 mabilu a gasi ndi magetsi anakwera moti ngakhale amene ali ndi dryer amayamba aganiza kaye asanayatse. Ambirife timayanika pa katsulo kopinda kaja, mkati mwa nyumba, poti panja mvula ya Manchester ilibe kalendala. Ndiye madzi onse a m'zovala amathera m'makoma, m'mawa ukadzuka mawindo ali chonyowa kudontha mpaka pansi, ukalekerera pakona pamayamba madontho akuda a chuku ndipo ana amayamba kutsokomola. Chonde ukamadzayendera nyumba ya lendi suntha wadiropu uone kumbuyo kwake, nunkhiza m'makabati, ukaona khoma limodzi lokha lapakidwa penti watsopano funsa chifukwa chake. Ugule dehumidifier, makina ochotsa chinyontho m'nyumba, mwezi woyamba womwewo, ndipo windo uzitsegula pang'ono m'mawa uliwonse olo kuzizire bwanji.

AC yoziziritsa m'nyumba iwalako. Ku America pafupifupi nyumba 9 pa 10 zili nayo, kuno m'nyumba za anthu siipezekapezeka. Mu July 2022 kutentha kunapitirira 40 digiri koyamba mu mbiri ya dziko lino, nyumba zake anazimanga kuti zizisunga kutentha ndiye usiku umenewo anthu sanagone, ana ankalira, mafani anasowa m'mashopu. Nthawi yozizira ndi boiler ya gasi imene imatumiza madzi otentha m'maradiator, osati mpweya wotuluka m'mabowo ngati kwanuko.

Sindikubisira, salale ya nesi kuno ndi yotsika kusiyana ndi imene ukulandira pano, petulo ndi wodula, ndipo miyezi yoyambirira udzamva ngati wabwerera m'mbuyo. Alamu anga uwakonzekeretse, galaja ya magalimoto awiri sakaipeza. Koma lamulo la kuno limapereka masiku 28 a tchuthi cholipidwa pachaka kwa wogwira ntchito sabata yathunthu, ku America boma lalikulu lilibe lamulo lotero. Mwana akatentha thupi usiku umathamangira ku NHS, zipatala za boma za kuno, osayamba wawerenga za deductible, ndalama imene umalipira wekha inshuwaransi isanayambe kulipira, mizere ilipo yaitali, iweyo udzaiona wekha pantchito, koma bilu sikutsatira kunyumba. Ine kuntchito ndimakwera tramu ya Metrolink, galimoto ndilibe ndipo sindiisowa. Kwa ine zimenezi zimalemera kuposa khitchini yaikulu, makamaka masiku 28 aja, ndi amene amandilola kupita kukaona amayi osaopa kuti ndipeza ntchito yatha.

Katunduyo gulitsa kwa anzathu a ku South Bend ku Indiana konko, sachedwa kutha. M'chikwama ikamo mthiko, chipande, zitenje ndi majekete a ana, ufa kuno ulipo m'mashopu a zakudya za ku Africa. Masabata oyamba mudzafikira kwa ine, chipinda ndi chaching'ono koma tikwanamo. Unditumizire tsiku la ndege ndipemphe ofu msanga.

Moni kwa alamu ndi ana,
Mnzako