Dandaulo pa nsomba za leopard wrasse zomwe munanditumizira ku Nchalo

Nchalo, Chikwawa

Kwa Bwana Oyang'anira Malonda,

Ndikulemba chifukwa pa lamya sitikumvana. Ndinaitanitsa kwa inu nsomba ziwiri za m'madzi amchere, mtundu wa leopard wrasse wa ku Kenya, womwe dzina lake lasayansi ndi Macropharyngodon bipartitus. Dzina limeneli ndi lomwe lili pa risiti yanga. Zomwe zinafika ndi Macropharyngodon meleagris, msuweni wake wa ku nyanja ya Pacific. Imodzi inafa usiku womwewo, inayo ilipo koma ikudya movutikira.

Mnyamata wanu wapasitolo akuti nsombazi n'zimodzimodzi, zimangosiyana mawanga. Bwana, si zoona. Yaikazi ya bipartitus imakhala yofiirira ngati lalanje, ya timadontho toyera, ndipo kumimba kwake kuli chigamba chakuda. Yaikazi ya meleagris ndi yoyererako, mawanga akuda ali thupi lonse. Aliyense woweta nsombazi amazisiyanitsa akangoyang'ana.

Komatu sindinasankhe ya ku Kenya chifukwa cha maonekedwe okha. Leopard wrasse ndi nsomba yosapirira ulendo. Kwawo ikachita mantha kapena kukada imadzikwirira mumchenga, ndiye ikakhala nthawi yaitali m'thumba la pulasitiki lopanda mchenga imangodziguguda pansi kufuna pobisala, mpaka kudzipweteka pakamwa. Nsomba yopweteka pakamwa siingathe kutola tizilombo ting'onoting'ono ta m'miyala tomwe ndi chakudya chake, ndipo imafa pang'onopang'ono mwini wake akuona. Yochokera ku Mombasa ulendo wake ndi waufupi. Yochokera ku Philippines kapena ku Bali m'dziko la Indonesia, monga meleagris, imadutsa m'manja ambiri ndi m'ndege zingapo isanafike ku Blantyre. Palinso nkhani ya nthawi: Kenya ili patsogolo pathu ndi ola 1 lokha, pamene Manila, likulu la Philippines, ili patsogolo ndi maola 6. N'chifukwa chake yomwe yatsalayi imatuluka mumchenga usiku ife tili m'tulo, ndipo masana pamene ndikuthira chakudya iyo imakhala itagona kale. Zonsezi ndinazifotokoza poitanitsa, ndipo ndinavomera kulipira mtengo wokwererapo chifukwa cha zomwezi.

Chandiwawa kwambiri ndi katumizidwe kake. Tinagwirizana kuti nsomba zinyamuke m'bandakucha, zili m'bokosi losunga kuzizira. Inu munazipereka kwa kondakitala wa minibasi dzuwa lili paliwombo, m'katoni wamba. Mukudziwa bwino mmene kumakhalira mukangotsika mapiri a ku Thabwa n'kuwoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu mwezi wa Okutobala. Kuno kuchigwa kutentha kumapitirira madigiri 40, pamene nsomba zimenezi zimafuna madzi a madigiri 24 mpaka 26. Potsegula thumba, madzi ake anali ofunda ngati osambitsira khanda, nsomba zili chagada, zikupuma mwawefuwefu. Madzi akatentha mpweya umachepamo, zimenezi wogulitsa nsomba aliyense amazidziwa.

Ndipo pali mawu ena omwe mnyamatayo anandiuza, omwe ndikupempha kuti asawauzenso munthu wina. Akuti nsomba za ku Africa zinazolowera kutentha, choncho sizifuna makina oziziritsira madzi. Ine sindinawamvere, koma wina wa ku Ngabu kapena ku Bangula amene akungoyamba kumene akhoza kukhulupirira n'kutaya nsomba zake zonse. Kutentha kwa m'nyanja ya ku Mombasa si kutentha kwa m'nyumba yamalata ku Nsanje.

Musaganize kuti vuto lili kwa ine. Thanki yanga ndi yokhwima, kutanthauza kuti yagwira ntchito nthawi yokwanira mpaka madzi ake anakhazikika, ili ndi mchenga wosalala wokwanira kuti nsomba idzikwirire, chivindikiro chilipo popeza wrasse imalumpha, mchere wa m'madzi uli pa mlingo woyenera wa 1.025, ndipo makina oziziritsira ndi mapampu ndinawalumikiza ku sola kuti magetsi akazima madzi asaime. Dziko lathu lilibe nyanja yamchere, madzi aliwonse a m'thankimo ndimachita kusungunula ndekha ndi mchere wogula kunja. Munthu wodzipereka chotere sangasekerere kuona chamoyo chomwe chachotsedwa kwawo kutali chikufera m'katoni chifukwa cha kusasamala.

Ndikupempha kuti mundibwezere ndalama yonse ya nsomba yomwe inafa, komanso ndalama yoonjezera yomwe ndinalipirira ya ku Kenya pa yotsalayi. Iyoyo sindiibweza, singapirire ulendo wina wokwera mapiri, ndiisamala mpaka izolowere. Ngati mungakonde kundipatsa bipartitus yeniyeni m'malo mwa ndalama, ndivomera, koma tidikire nyengo yozizira ya Juni, ndipo ndidzabwera ndekha ku Blantyre kudzaiona ikudya ndisanainyamule. Zithunzi za nsomba zonse ziwiri ndi risiti ndaziphatikiza ku kalatayi. Chonde mundiyankhe molemba mwezi uno usanathe.

Ndine kasitomala wanu,
wa ku Nchalo