Akufuna kukavekana mphete pa Phiri la Mulanje, makolo adzamve zitatha

Alangizi,

Mwana wa mlongo wanga wagwirizana ndi bwenzi lake kuti za ukwati wa m'holo iwo ayi. Safuna komiti, safuna bridal shower, safuna perekaniperekani. Akufuna akasainirane kwa DC, akwere Phiri la Mulanje ndi anthu osapitirira 8, akavekane mphete kumeneko, agone masiku awiri, atsike. Ine ndine malume ake a mtsikanayo, ndiye unkhoswe wagwera ine. Onse ndi akuluakulu, ali pantchito, ndipo akuti ndalama za holo, keke, zokongoletsa ndi mpunga wa chinamtindi cha anthu bola zipite pa puloti. Pamenepo sindikuwatsutsa. Chandisowetsa tulo n'choti akuti makolo ndi achibale adzauzidwe zonse zitatha, adzaonere pa zithunzi.

Ndiyambe ndafotokoza zimene takambirana kale, kuti musavutike kundilangiza za phirilo.

Ukwati weniweni sukachitikira kuphiri. Kuvekana mphete pamwala, ngakhale wojambula akhale katswiri chotani, sikutulutsa setifiketi. Lamulo la maukwati la 2015 limafuna kuti anthu ayambe apereka chidziwitso ku ofesi, chikhomedwe poonekera kwa masiku 21 kuti wodziwa choletsa anene, kenaka asainirane pamaso pa wolembetsa maukwati ndi mboni ziwiri. Ndiye tati chidziwitso chiperekedwe kudakali mwezi wathunthu, kusaina kukhale Lachinayi m'mawa, kukwera Lachisanu. Ndawauzanso kuti pepala lokhomedwa paboma lili ndi maso ambiri. Wina wobwera kudzatsata nkhani ya malo adzawerenga maina awo, ndipo dzuwa lisanalowe foni idzakhala italira kumudzi.

Nyengo tayisankha mosamala. Kuyambira Novembala mpaka Epulo n'zosayamba: miyala imaterera, ndipo mtsinje ngati Likhubula umadzadza mwadzidzidzi mvula ikagwa kumtunda, kumunsi kuno dzuwa likuswa mtengo. Juni ndi Julayi ndi miyezi ya chiperoni, chomwe chikatsika chimatha kukhala masiku angapo, munthu osaona mnzake ali patsogolo pompo, usiku n'kuzizira mpaka udzu kuyera ndi chisanu. Okutobala kumatentha, utsi wa moto wa m'tchire n'kuphimba zonse zimene mwakwerera. Yatsala ndi Meyi, kapena kumapeto kwa Ogasiti kulowa Seputembala, ndipo paulendopo pakhale tsiku limodzi lapadera lodikirira nyengo ikavuta.

Poyamba ankafuna pansonga penipeni, pa Sapitwa. Apo ndinakana. Nsongayo ndi yotalika mamita 3,002. Kuchokera ku Likhubula, kumunsi kwa phiri, pamafunika tsiku lathunthu kuti mufike pa nyumba yogona ya Chisepo, tsiku lina n'kukwera, malo ena mukukwawa ndi manja kapena kupanikizika pakati pa miyala. Nkhungu ikatseka njira imasowa, ndipo anthu anatayikapo n'kufera komweko. Tagwirizana za ku Chambe, dera lina la phirili lomwe lili ndi nyumba yogona. Njira ya Skyline yopita kumeneko ndi yaifupi, maola atatu kapena anayi, koma ndi chikweza chosapumitsa. Ya Chapaluka ndi yotalikirapo, imadutsa ku mathithi a Dziwe la Nkhalamba, ndipo ndi imene ndawasankhira pokwera. Anyamuke isanakwane 7 koloko m'mawa, atalembetsa ndi kulipira ku ofesi ya zankhalango pa Likhubula, ndi wolondolera komanso onyamula katundu otengedwa pomwepo, osati wina aliyense wowaimika pamsewu. Mtengo ndi nkhani ya chakudya cha anyamatawo zikambidwe pansi pomwepo, chifukwa mikangano yambiri ya kuphiri imayambira apa.

Nyumba zogona za kuphiri n'za aliyense. Akhoza kukapeza ana a sukulu atadzadza pabwalo ndi pamoto pomwe, ndiye afunsiretu ku ofesi ndipo apewe masiku a tchuthi. Mlonda wa panyumbapo amathandiza nkhuni ndi madzi, amuthokoze ndi kangachepe. Magetsi kulibe, netiweki ndi ya apa ndi apo: aliyense tochi yake, mabatire a kamera odzadza kale, bulangete kapena chikwama chogonamo, juzi yochindikala ndi chodzitetezera ku mvula. Pa anthu 8 tawerengera mpunga makilogalamu atatu, ufa awiri, nkhuku zokazingiratu za tsiku loyamba, usipa ndi soya za lachiwiri, buledi, tiyi, shuga ndi mtedza wotafuna panjira. Keke ya kirimu singafike yamoyo, atenge yolimba ya m'chitini. Diresi ikulungidwe m'mapepala a pulasitiki awiri, ikavalidwe komweko. Nsapato zatsopano zimatulutsa matuza musanafike n'komwe pamathithi, choncho akwere ndi zimene mapazi anazizolowera. Mwambowo uchitike m'mawa wa tsiku lachiwiri. Masana mitambo imakonda kusonkhana, komanso munthu akangokwera kumene zala zimatupa, mphete n'kukana kulowa.

Zonsezi n'zotheka. Povuta ndi pansi pano.

Mayi ake a mtsikanayu, mlongo wanga, ali ndi BP ndi vuto la mawondo. Sangakwere ngakhale mpaka pa Dziwe la Nkhalamba. Agogo ake ndiye osanena. Komanso mlongo wangayo wakhala zaka zambiri akuvina ndi kuponya ndalama m'lichero pa maukwati a ana a anzake akumpingo. Achinyamata amaona perekaniperekani ngati kupemphetsa, koma kwa amayi aja ali ngati chipereganyu: unaponya kwa mnzako, tsiku lako likafika nayenso adzaponya, ndipo pamenepo m'pamene mudzi umaona kuti unalera. Mwana wamkazi ali naye mmodzi yekhayu. Kumuuza kuti tsikulo linadutsa kale Loweruka lapitalo, ine pakamwa pakundilemera.

Chachiwiri ndi unkhoswe weniweniwo. Kwathu kuno banja losadziwika kwa ankhoswe a mbali zonse akuluakulu amaliwerenga kuti angothawitsana, setifiketi ikhalepo kapena ayi. Ankhoswe akuchimuna sindinakhale nawo pansi. Mawa anawa akayambana, wina akagonekedwa m'chipatala, kapena pakagwa zovuta, funso loyamba pabwalo limakhala lakuti ankhoswe ali kuti. Ndidzaimirira ndi yani? Ndidzati ndinasainira kwa DC ndi mnzake wa mkwati wa kuntchito? Kumpingo nakonso kuli malamulo ake. Amalengeza masabata atatu, ukwati amadalitsira m'tchalitchi, ndipo olowana osadzera kumeneko amaitanidwa kubwalo la mpingo. Mtsikanayu amaimba kwaya, ndipo sindikuona ngati walingalira bwino zimenezi.

Maganizo amene ndawapatsa ndi awa. Tichite chinkhoswe chaching'ono pakhonde, anthu khumi mbali iliyonse, popanda zokuzira mawu: tambala ndi thadzi, mkeka, khasu, nkhwangwa, lichero ndi mthiko, ankhoswe tidziwane, tidye nsima, basi. Kwa DC mboni zikhale amayi awiriwo. Tikatuluka kumeneko tikadyere limodzi nkhomaliro kumunsi kwa phiri, makolo awadalitse, m'mawa mwake achinyamata azikwera okha.

Iwo akukana, ndipo chifukwa chawo sindingachipeputse. Akuti ukauza mmodzi wauza mudzi. Lero mukuti anthu khumi, mawa azakhali atsegula gulu la WhatsApp, mkuja kwasankhidwa nsalu ya yunifolomu, msungichuma wapezeka, ndipo holo imene ankaithawa ija yalipiridwa kale theka. Izi zimachitikadi, ndipo wokana pamenepo ndi amene amaoneka wamwano.

Ndiye ndithandizeni, Alangizi. Kodi nkhani yotere mayi amauzidwa ndi ndani, ine mlongo wake kapena mwana mwini wake ine ndili pambali? Nanga ndi mawu otani amene angatseke pakamwa pa achibale kuti chinkhoswe cha anthu makumi awiri chisasanduke cha mazana awiri, popanda kudana nawo? Kodi n'koyenera kulonjeza amayi aja kaphwando kothokoza pakatha chaka, anawa atapeza poyambira, kapena kumeneko n'kungosuntha ngongole? Za kumpingo, tipite kwa abusa tisanapite kwa DC, kapena tikapemphe mdalitso pambuyo?

Funso lalikulu ndi ili. Akufuna kukapereka chidziwitso mwezi wamawa, ndipo andipempha kuti ndikhale mboni, koma ndisauze mlongo wanga. Ndikavomera, ndabisira mayi za mwana wake, ndipo zikadzaululika wolakwa adzakhala ine wamkulu. Ndikakana, apeza mboni ina, akwerabe phirilo, ndipo banjali liyamba popanda wachibale ndi mmodzi yemwe wolidziwa. Ndisaine kapena ndisasaine?

Ine nkhoswe wothedwa nzeru,
Mulanje