Mbiri ya Disney isamaiwale Roy

A Mkonzi,

Ndiloleni ndithirirepo ndemanga pa mbiri ya kampani ya Disney, imene ana athu amaidziwira makatuni a Mickey Mouse. Ikamakambidwa, dzina lomveka ndi la Walt lokha, ndipo zimenezi sizindisangalatsa. Kampaniyi anaiyambitsa anthu awiri apachibale ku Los Angeles mu 1923: Walt wa luso lojambula, ndi mkulu wake Roy amene ankayang'anira za ndalama.

Mickey anatchuka mu 1928, izi ambiri akuzidziwa. Koma taonani za paki yachisangalalo ya Disneyland. Walt atafuna kuimanga, ndalama zinali zoperewera kwambiri. Roy ndiye anakakambirana ndi wailesi ya kanema ya ABC, imene inavomera kuikapo chuma chake posinthana ndi pulogalamu ya Disney ya sabata iliyonse. Pakiyo inatsegulidwa pa 17 Julaye 1955 ku Anaheim, m'chigawo cha California. Chondiseketsa n'chakuti mu 1996 Disney inadzagula ABC yomweyo!

Walt atamwalira mu Disembala 1966, malo omangapo paki yachiwiri ku Florida anali atagulidwa koma ntchito yomanga isanayambe. Roy, ali ndi zaka 73, anaimitsa kaye zopuma pantchito, n'kuyang'anira chimangocho. Anaumirira kuti malowo atchedwe Walt Disney World, dzina la mng'ono wake. Anatsegulidwa pa 1 Okutobala 1971, ndipo Roy anamwalira mu Disembala chaka chomwecho.

Wowerenga wanu,
Zomba