Kalata yodandaula za opaleshoni yokweza mabere yomwe munandikonzera ku Johannesburg

Kwa a Manejala,

Ndasankha kulemba chifukwa foni simukuyankha, pa WhatsApp ndimangoona kuti mwawerenga koma zii, ndipo ku ofesi kwanu ku Lilongwe ndafikako kawiri konse ndimangouzidwa kuti abwana angotuluka kumene. Ndine mayi uja wa ana atatu yemwe munanditumiza ku Johannesburg kukachitidwa opaleshoni yokweza mabere, ija madokotala amati mastopexy. Fayilo yanga muli nayo, ine malisiti ndi mameseji onse ndinasunga.

Musaganize kuti ndinabwera kwa inu chifukwa chotengeka ndi za pa Instagram ayi. Nditabereka mwana wachitatu kenako n'kutsika thupi, mabere anagwa zedi moti nyengo yotentha ngati Okutobala pansi pake pamatuluka zidzolo zoyabwa, thukuta lokhalokha, kamisolo iliyonse kundidula m'mapewa. Azimayi anzanga amati ndi kuyamwitsa, koma dokotala wina anandiuza kuti chimagwetsa kwambiri ndi mimba zimene, kunenepa n'kuwonda, ndi zaka, khungu limatamuka ndiye silibwereranso. Ndalama zake ndinasonkha ku banki mkhonde ndi geni yanga ya zitenje, kwacha itagwa ndi 44% mu Novembala 2023 zomwe ndinali nditasunga zinasungunuka ngati mchere m'madzi, ndinachita kuyambiranso chifukwa inu mumawerengera mu ma rand. Medical aid salipira zokongoletsa thupi, izi mukuzidziwa. Ndiye inali ndalama ya thukuta langa, osati yotola.

Mayi aja amene amayankha makasitomala anandilonjeza bwinobwino kuti ndisananyamuke ndilankhula ndi dokotala pa video, andiona, tikambirana. Video imeneyo sinachitike. Tsiku lililonse amati dokotala ali mu theatre, mulankhula naye mawa, mawa, mpaka ndinakwera ndege. Dokotalayo ndinamuona koyamba m'mawa wa opaleshoni, ndavala kale gauni ya chipatala yotsegula kumbuyo ija, diripi ili pamkono, iye akujambulajambula pachifuwa panga ndi cholembera ine nditaimirira. Fomu yovomereza anandipatsa nthawi yomweyo, masamba angapo a Chingerezi chachipatala, nesi akuloza kuti sainani apa ndi apa. Munthu wanjala kuyambira usiku, mantha ali tho, ungawerenge chani? Ndinadzamva pambuyo pake kuti lamulo la ku South Africa komweko, National Health Act ya 2003, limati wodwala auzidwe njira zonse zomwe zilipo ndi zoopsa zake, ndipo ngati n'kotheka m'chilankhulo chomwe akumva. Inu munati mudzakhala pakati pathu kuti zonse ndizimva, ndiye tsiku limenelo munali kuti?

Chomwe chimandipweteka mtima kwambiri ndi ichi. Pa fomu yanu yoyamba ija ndinalemba ndi dzanja langa kuti ndili ndi keloid, vuto lija loti chipsera chimatupa n'kumakula kupitirira bala. Khutu langa lakumanzere lili ndi chotupa ngati nsawawa kuyambira pomwe ndinaboola ndili mtsikana, ndinajambula n'kutumiza chithunzi pa WhatsApp, mayi aja anayankha kuti musadandaule mami dokotala wathu ndi katswiri. Aliyense wogwira ntchito imeneyi amadziwa kuti ife akhungu lakuda keloid imatigwira kwambiri kuposa azungu, ndipo munthu yemwe ali nayo kale amayenera kuchenjezedwa asanamucheke. Tsiku lachitatu nditamuonetsa dokotala khutulo anadabwa, anati palibe anamuuza. Eti fomu ija munangoisunga mu kabati?

Komanso munandiuza kuti chipsera chidzakhala chaching'ono, chozungulira pa nsonga ya bere n'kutsika mzere umodzi, chija amati lollipop. Nditachotsa bandeji ndinapeza anacheka mpaka mopingasa pansi pa bere lonse, mbali zonse ziwiri, ija amati anchor. Mwina kwa mabere ogwa ngati anga njira yake inali imeneyo, sindikutsutsa, ine si dokotala. Koma ndikanauzidwa ndili kwathu ndikanaganiza kaye, mwinanso ndikanangozisiya. Ndipo zithunzi zomwe munkandionetsa za mabere odzaza kumtunda zija, ndinadzazindikira kuti anthuwo anaikidwa ma implant, timatumba tomwe amaika mkati kuti bere lidzaze. Kukweza kokha kumangochotsa khungu lotsala n'kukwezera nsonga m'mwamba, sikuwonjezera kanthu mkati. Zimenezi n'zoti munthu auzidwe asanalipire, osati azikazitulukira yekha pagalasi.

Tsopano za ku loji. Ndinalipira masiku 10 ndi nesi wobwera kudzatsuka mabala. Nesi anabwera kamodzi basi. Tsiku lachisanu mwini loji anandigogodera kuti buking'i yatha, kampani yanu sinalipire masiku enawo. Nditaimba munati vuto ndi forex, tikiti ya ndege yobwerera yavutanso, ndikwere basi mudzandibwezera. Ndiye tangoganizani, munthu wosokedwa chifuwa chonse, wouzidwa kuti masabata 6 asanyamule cholemera, asakweze manja, agone chagada, ali pa basi masiku awiri, Beitbridge kutsika ndi katundu, Nyamapanda kutsika, kudutsa Tete kotentha kuja kamisolo yachipatala itanyowa ndi thukuta, ku Mwanza kutsikanso. Bampu iliyonse ndimagwira pachifuwa ndi manja awiri ngati ndanyamula mazira. Mayi wina wa geni yemwe tinakhala limodzi ndi amene ankandinyamulira chikwama, Mulungu amudalitse, sanandifunse n'komwe kuti ndadwala chani.

Nditafika kunyumba, patapita masiku ochepa bala la bere lakumanzere linatseguka pompaja mizere imakumana pansi, panayamba kutuluka madzi achikasu kenako mafinya onunkha, thupi kutentha. Ndinakutumizirani zithunzi usiku womwewo, yankho linabwera mawa lake madzulo kuti pakani Vaseline. Vaseline pa bala la mafinya! Ndinathamangira ku chipatala cha pulaiveti, anandipatsa ma antibiotic, n'kumapita tsiku ndi tsiku kukatsukitsa pafupifupi mwezi wathunthu, ndalama zanga. Dokotala wa kuno anandifotokozera kuti malo amenewo ndi omwe amavuta kupola chifukwa khungu limakhala lokokeka ndipo magazi safikapo okwanira, n'chifukwa chake munthu amayenera kukhala pafupi ndi yemwe anamuchita opaleshoni masiku oyambawo. Anandifunsa lipoti la opaleshoni, ndinalibe. Mpaka lero simunandipatse.

Sindikunama kuti zonse zalakwika. Lakumanja lili bwino, zidzolo zija zinatha. Ndikudziwanso kuti kutupa kumatenga miyezi, chipsera chimatha chaka kapena kupitirira chisanakhazikike, ndipo dzanzi lomwe lili pa nsonga yakumanja mwina lidzatha mwina ayi, izi ndazivomereza. Koma keloid yayamba kale kutukuka m'mizere yapansi, yolimba, yoyabwa usiku moti ndimadzuka kudzikanda, pano ndikubayidwa jakisoni wa steroid pachipsera pomwepo, wowawa zoti simungamvetse, kuphatikiza kumata silicone tepi yomwe ndimachita kuitanitsa kunja.

Ndiye ngati zimenezo sizinakwane, mlamu wanga anandiimbira kuti mlamu, kodi si inu muli pa peji ija? Kutsegula Facebook, zithunzi zanga za chifuwa, chakale ndi chatsopano, mwaika pa peji yanu ndi mawu oti kasitomala wina wosangalala. Nkhope munadula inde, koma tcheni changa cha m'khosi chili pomwepo ndi chibadwa chomwe ndili nacho paphewa. Ndine mayi wa mvano ine, ana anga ali pa Facebook, amuna anga anthu akuwaseka kuntchito. Zithunzizo ndinavomera kuti ajambule za fayilo ya chipatala, palibe pomwe ndinasaina zoti muzitsatsira malonda. Chatsopanocho munajambulanso bala lisanatseguke, anthu akufunsa mitengo m'makomenti osadziwa kanthu.

Zithunzizo muzichotse lero lomwe, pa Facebook ndi pa Instagram pomwe, ndipo mundilembere kuti mwachotsa. Munditumizire dzina lonse la dokotala uja ndi nambala yake ya ku HPCSA, bungwe lomwe limalembetsa madokotala ku South Africa, pamodzi ndi lipoti la opaleshoni, chifukwa dokotala wa kuno akulifuna. Ndalama za masiku asanu a loji, za nesi yemwe sanabwere uja ndi za tikiti ya ndege mundibwezere, komanso zomwe ndawononga kutsukitsa bala, malisiti ndamata kumapetoku. Za jakisoni wa keloid tikhale pansi tikambirane, chifukwa ndinakuuzani ndipo simunafikitse uthenga.

Ndikupatsani masiku 14. Akatha osamva kanthu ndikasiya dandaulo ku Competition and Fair Trading Commission, bungwe loteteza ogula kuno ku Malawi, la dokotala ndikatumiza ku HPCSA, ndipo za zithunzi ndafunsa kale loya. Nambala yanga ndi yomwe ija mumandiimbira kawiri patsiku nthawi yomwe ndinali ndisanamalize kulipira. Lachinayi m'mawa ndili ku jakisoni, mukaimba muimbe masana.

Ine kasitomala wanu,
Mayi wa ku Lilongwe